Mnzanga wakopera panelo yanga ndipo akuuza anthu kuti ndi Sanwa, ndichite bwanji?

Panelo_Ulongue:

Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo nde ndati ndifunse inu amene mumadziwa za makina a gemu, kaya mumakonza kaya muli ndi baraka ya magemu.

Ine ndimakhala ku Ulónguè, mu boma la Angónia kuno ku Mozambique, ntchito yanga ndi kupanga mapanelo, paja pamakhala joystick ndi mabatani. Bokosi lonse ndimapanganso munthu akafuna koma chimene anthu amandidziwa nacho ndi panelo. Amene munayesapo mukudziwa vuto lake, mabatani a kampani ya ku Japan ya Sanwa aja otchedwa OBSF-30 ongokankhira pabowo anapangidwira chitsulo chopyapyala, ukawaika pa thabwa la 18 mm timakutu take sitigwira, mwana akamenya ndi mphamvu batani limadumpha. Nde ine ndinapeza njira yanga, pamwamba ndimayala chitsulo cha 2 mm nkuboola mabowo a 30 mm, thabwa la pansi ndimaboola mabowo okulirapo kuti timakutu tija tipeze malo, kenako panelo yonse ili pa mahinje ndi loko imodzi, imatsegukira kutsogolo. Mawaya sindiwotcherera ayi, ndimaika timapini tosolola tija ta 2.8 mm, kuti batani likafa mwini baraka atsegule, asolole, asinthe yekha osadikira kuti ine ndikwere shapa (minibasi). Mmphepete ndimaika kamphira chifukwa cha fumbi la mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Zimenezi sizinabwere tsiku limodzi, zinandidyera nthawi ndi ndalama.

Tsopano pali mnyamata wina konkuno, dzina sinditchula, tinkabwerekana naye ngakhale hole saw yoboolera mabowo. Anatuma munthu kudzagula panelo imodzi kwa ine ngati kasitomala wamba, ine osadziwa. Patapita nthawi ndikungoona pa status ya WhatsApp panelo yofanana ndendende ndi yanga, mahinje pomwepo, loko pomwepo, mpaka penti yakuda ya mzere wachikasu ija. Mtengo pafupifupi theka la wanga. Ndipo walemba kuti zonse ndi Sanwa orijino ya ku Japan.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi ichi, bambo ena a ku Dómuè anabwera ndi panelo pa njinga yamoto, akupsa mtima, akuti ndawagulitsa zinyalala. Iwo ankaona ngati ndi yanga chifukwa cha penti. Nditatsegula mkati ndapeza joystick ya mmakiti otchipa aja a ku China, timasiwichi topanda dzina, sipuling'i yafooka kale ndodo sikubwerera pakati. Anandikalipira pamaso pa anthu pa chinthu chomwe sindinapange.

Nde ndikufunsa, kukopera kotereku ndi kuba kapena ndi mmene bizinesi imayendera basi? Ndimuike pa Facebook anthu adziwe? Kapena nditsitse mtengo, ngakhale kuti joystick imodzi yokha ya Sanwa ndimaigula ndalama zoposa kiti yake yonse? Ndithandizeni maganizo.

Madala_Matundo:

Mphwanga pepani, kukalipiridwa pa mlandu wa wina kumawawa. Ine ndakhala ndikukonza makinawa kuno ku Tete kuyambira nthawi ya masikirini a chubu aja, nde mundilole ndinene mmene ndikuonera ngakhale zina simuzikonda.

Mwaphatikiza nkhani ziwiri ndipo sizolemera mofanana. Ya kukopera ndiyambe nayo. Mabatani sikisi amene mumaika aja, atatu a nkhonya pamwamba atatu a mateche pansi, anatchuka ndi Street Fighter II ya Capcom mu 1991. Kupindika kwa mzere wa mabatani kotsata zala kuja ambiri tinatengera pa makina a Sega a Astro City, ena amatsata a Vewlix a Taito. Palibe amene analipira kuti aboole mabowo motero. Ngakhale bowo la 30 mm si ine kapena inu tinaliganiza. Mu 1985 makampani a ku Japan anagwirizana za kolumikizira kamodzi ka mapini 56 kotchedwa JAMMA, kuti bolodi ya kampani iliyonse izilowa mu bokosi lililonse, ndipo nchifukwa chake munthu ngati ine ku Matundo ndinatha kudya ndi ntchito imeneyi, ukadziwa waya wa makina amodzi wadziwa onse. Capcom yeniyeniyo inakasumira Data East ku America kuti gemu yawo ya Fighter's History yafanana ndi Street Fighter II, mu 1994 khoti linakana kuiletsa. Nde ngati mahinje ndi loko zanu zili zabwino, dziwani kuti azikopera, lero ndi mnyamatayo mawa ndi wina wa ku Tsangano. Nzeru yabwino siikhala ya munthu mmodzi nthawi yaitali pa ntchito yathuyi.

Koma kulemba Sanwa pomwe mkati mulibe Sanwa, kumeneko ndi kuba, ndipo akubera kasitomala kuposa mmene akuberani inu. Zili ngati wogulitsa kachewere amene amayala wamkuluwamkulu pamwamba pa ndowa pansi atadzaza timphulumphulu. Penti ya mzere wachikasu nayo ili mbali yomweyi, chifukwa sikuthandiza panelo kugwira ntchito, ntchito yake ndi yoti munthu aganize kuti wagula yanu. Pamenepo muli ndi chifukwa chonse chodandaulira.

Ndinenenso kuti zipangizo za ku China zotchipazo si tchimo. Inenso ndimagulitsa, ndipo ndimamuuza munthu kuti iyi ndi kope, ikutumikirani koma timasiwichi take timatopa msanga. Wa makina a kunyumba oti ana ake awiri azisewera Loweruka safunika Sanwa. Kusiyanitsa kwake nkosavuta kwa amene watsegula, joystick ya Sanwa ya JLF yeniyeni timasiwichi take tinayi tili pa kabolodi kamodzi kolembedwa TP-MA ndipo pa siwichi pamaoneka dzina la Omron, komanso ndodo yake ukaikankha nkuisiya imabwerera pakati bwinobwino osagwedera.

Za Facebook ine ndikuti ayi, musayambire kumeneko. Ulónguè ndi yaing'ono, mudzakumana pa maliro, mudzakumana ku tchalitchi. Tengani munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza mupite kwa mnyamatayo ndi panelo ya bambo a ku Dómuè ija, muitsegule pamaso pake. Mumuuze zinthu ziwiri zokha, asinthe penti, asiye kulemba Sanwa. Za mahinje musatchule nkomwe.

Mayi_Gemu_Moatize:

Ine sindipanga kanthu, ndine wogula, ndili ndi makina mu baraka yanga kuno ku Moatize ndipo ndi amene amalipirira ana anga sukulu. Nde ndilankhule za mbali yathu chifukwa inu amisiri mukamakangana mumaiwala kuti amene amaluza ndi ife.

Joystick yabodza mumaidziwa inu mukatsegula, ine ndimaidziwa ndi phokoso la ana. Mwana waponya ndalama yake akusewera King of Fighters, akufuna atulutse pawa ija yozungulitsa ndodo pansi kupita kutsogolo, ndodo sikugwira pakona, munthu wake wangoima akumenyedwa. Amayamba kuikankha ndi mkono wonse, kenako kumenya panelo ndi chibakera, kenako ali pa kauntala, mayi makina anu andibera. Ndimam'bwezera ndalama yake chifukwa akunena zoona. Mawa lake gulu lonse lasamukira ku baraka ina, ndipo ana akasamuka kuwabweza ndi ntchito. Makina angoima, mayunitsi a Credelec akudyeka ndi firiji ndi magetsi, lendi ikudikira.

Ndinagulapo panelo kwa mmisiri wina atanditsimikizira kuti ndi orijino, ndinalipira pa M-Pesa mtengo wa orijino, sinakhalitse. Nditamuimbira akuti ana anu ndi amene amamenya kwambiri. Kodi makina a gemu amayembekeza kuti ana aziwasisita? Akanandiuza chilungamo kuti mayi iyi ndi yotchipa, ndikanagulabe mwina, koma ndikanagulanso timasiwichi tapadera nkusunga mu kabati, ndikanadziwa chomwe ndanyamula.

Apa nde ndikusiyana nanu pang'ono a Madala. Mukuti akakambirane mwakachetechete, chabwino, koma nanga ife amene tikugulabe panopa? Mnyamatayo akavomera pamaso pa wamkuluyo nkupitiriza kunamiza anthu a kutali ngati ife amene sitingamve za ku Angónia? Anthu akuyenera kudziwa. Ine ndikuti achimwene jambulani kavidiyo, ikani joystick ziwiri pa tebulo, yeniyeni ndi kope, muonetse anthu poyang'ana, dzina la pa siwichi, kabolodi, mmene ndodo imabwererera. Osatchula munthu, osaonetsa panelo yake. Muuze ogula kuti asanalipire aziti tsegula ndione. Wachilungamo amatsegula osavuta. Mukatero mwatiteteza tonse ndipo palibe amene mwamutukwana.

China, musatsitse mtengo wa panelo ya Sanwa, koma bwanji osapanga mitundu iwiri? Ina ya Sanwa ina ya zotchipa, chitsulo ndi mahinje zomwezo, mtengo wosiyana, ndipo pa lisiti muzilemba dzina la chilichonse chomwe mwaika mkati ndi miyezi ya garantiya. Ambiri amene akupita kwa mnyamatayo sikuti akukukanani inu, ndalama ndi imene yachepa. Ndipo foni muziyankha. Ine mmisiri amene amayankha foni Lamlungu masana makina atafa baraka itadzaza, ameneyo sindimusiya ngakhale akhale wodula.

Mnyamata_wa_Zobue:

Achimwene anthuwa akukunyengererani. Munthu wakutumirani kazitape, wakuberani dizaini, wakunyozetsani kwa kasitomala, inu muzikamupempha ndi ulemu? Ikani chithunzi chake ndi dzina pa Facebook ndi mmagulu onse a WhatsApp, anthu amudziwe. Ine zoterezi zinandichitikirapo ndi mabokosi, ndinakhala chete, mpaka lero munthuyo akudya ndi dizaini yanga.

Komanso ife opanga tilipo ochepa, Tete, Moatize, Zóbuè, Ulónguè, tikhoza kuwerengana ndi zala. Tipange gulu lathu tigwirizane mtengo umodzi woti aliyense asatsike pansi pake, amene watsika timutseke, osamugulitsa zipangizo, osamubwereka chida. Apo ayi tizingotsitsirana mitengo mpaka tonse tisiye ntchito, kale kale tikulimbana ndi za pa intaneti ndi zomwe zimalowa kuchokera ku Blantyre kudzera pa Mwanza apa.

Pico_Chingodzi:

Achimwene a ku Zóbuè ndikumva kupweteka kwanu koma zonse ziwiri mwanenazo zingawaike achimwene athuwa mmavuto. Kuika dzina ndi nkhope ya munthu pa Facebook nkumutchula kuti wakuba, iye akhoza kukasuma kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo nkhani imatembenuka, amene analakwiridwa ndi amene akuyankha mlandu. Za kugwirizana mtengo nazo lamulo la mpikisano la dziko lino, Lei 10/2013, limaletsa ochita malonda ofanana kupangana mitengo, ndipo kuli bungwe la ARC loyang'anira zimenezo. Mwina munena kuti ndani angatilondole ife ang'onoang'ono, koma ngakhale lamulo tiliike pambali, amene alipire mtengo wopanganawo ndi mayi a ku Moatize awa, osati mnyamata wabodzayo. Ndipo akaona kuti tonse tikutchula mtengo umodzi adzangoitanitsa makiti okha pa AliExpress, tonse tatha.

Kwa eni funso, njira za boma zilipo koma muyese kulemera kwake. Dzina la malonda ndi chizindikiro zimalembetsedwa ku ofesi ya boma ya IPI ku Maputo, zimatetezedwa zaka 10 ndipo umatha kuwonjezera. Patenti ndi ya zaka 20 koma imafuna chinthu chatsopano chomwe sichinaonekepo, ndipo panelo ya mahinje makina a ku Japan anali nayo kalekale, nde pamenepo musatayepo ndalama. Chomwe mungateteze ndi dzina lanu. Katundu wonamizira dzina la kampani ina amene amalanda ndi a boma oyendera malonda, mnyamatayo ngati sakudziwa zimenezo ndi bwino wamkulu amene mupite nayeyo amuuze, osati momuopseza koma kuti adziwe pomwe waponda.

Ine ndimapanga timabolodi tolumikiza mabatani ku kompyuta kapena ku gemu, nde ndikuuzeni mmene zimakhalira mbali yathu chifukwa zikufanana. Ambiri amagwiritsa ntchito kabolodi ka Zero Delay encoder kaja kamabwera mmakiti. Ine ndimatenga Raspberry Pi Pico, kabolodi komwe kanatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4, nkuikamo pulogalamu yotchedwa GP2040-CE. Amene anailemba anaiika poyera ndi chilolezo cha MIT, kutanthauza kuti aliyense atenge, asinthe, agulitse, bola asachotse mayina a eni ake ndi chilolezocho. Anthu analemba chinthu chovuta kuposa mahinje nkunena kuti tengani. Chomwe amadana nacho ndi munthu wofufuta mayina awo nkumati ndalemba ndekha. Ine kasitomala ndimamuuza kuti pulogalamuyi si yanga, yanga ndi ntchito yolumikiza ndi kukonza ikavuta.

Ndipo bodza lathu mbali ino nali, pali ena amagulitsa stick nkumati imagwira pa PS4 (PlayStation 4). Amaiyesa pamaso pako mphindi ziwiri, ikugwira, walipira. Kufika kunyumba ikumaduka pakatha mphindi 8 zilizonse, chifukwa PS4 imafunsa chitsimikizo chomwe kabolodi wamba kalibe. Wogulitsayo amadziwa bwino lomwe. Amene akufuna ya PS4 yosaduka mumuuze zoona kuti afunika bolodi ngati za kampani ya Brook kapena njira ina yopatsira chitsimikizocho, ndipo mtengo ukwera.

Malangizo anga aang'ono, khomani dzina lanu ndi nambala pa chitsulo chenicheni mkati mwa panelo, osati sitika, ndipo muzilemba mu kope kuti nambala yakuti inapita kwa uje tsiku lakuti. Wina akabwera akukalipa mumangotsegula nkumuonetsa kuti palibe nambala.

Panelo_Ulongue:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. A Madala, za mahinje ndamva, ngakhale mtima ukukanabe pang'ono. Chimene sichikundichoka ndi njira yomwe anatengera. Akanabwera yekha nkunena kuti achimwene ndaona panelo yanu ndiphunzitseni, ndikanamuonetsa, mwina tikanamagawana maoda chifukwa nthawi ya Disembala ine ndekha sindikwanitsa. Koma kutuma munthu mobisa pomwe dzulo lake timabwerekana zida, chimenecho mukuti si kanthu?

Mayi a ku Moatize, kavidiyo ndijambula, maganizo amenewo ndawakonda kwambiri, ndipo joystick ya bambo a ku Dómuè ija ndinaisunga atasinthitsa. Za mitundu iwiri ndili ndi mantha amodzi, yotchipayo ikafa msanga anthu sadzati inali yotchipa, adzati panelo ya ku Ulónguè yafa. Mwina ndiipente mtundu wina kuti zisamasokonezeke. Nambala yokhoma pa chitsulo ndiyamba sabata ino, zilembo zokhomera ndibwereka kwa amakanika.

Achimwene a ku Zóbuè, dzina lake sindiika. Mayi ake amagulitsa pa msika pomwe akazi anga amagula ndiwo, sindingathe.

Madala_Matundo:

Mphwanga, sindinati si kanthu. Kutuma munthu mobisa kwa mnzako amene umadya naye ndi khalidwe loipa, ndipo mukakakhala pansi mumuuze mmaso kuti chinakupwetekani ndi chimenecho. Kungoti chimenecho ndi cha pakati pa inu awiri, si cha khoti kapena cha Facebook. Mwina anachita manyazi kupempha, mwina anaopa kuti mumukaniza, mukamve kwa iye. Mayi a ku Moatize anena zoona za ogula akutali, pamenepo ndavomera, kavidiyoko katuluke ngakhale mutagwirizana naye.

Za mantha anu pa yotchipa, penti yosiyana ndi bwino, ndipo muziperekera limodzi timasiwichi tiwiri tapadera mu kapepala komata mkati mwa panelo. Mwini baraka akasintha yekha mu mphindi zochepa sadandaula.

Mphwanga wa ku Zóbuè, gulu mukulifunalo tipange koma la kugula osati la mitengo. Chimene chimatipha pa Sanwa ndi ndalama yotumizira ndi ya kasitomu munthu ukaitanitsa joystick ziwiri zokha. Tikaphatikiza oda imodzi tonse, mtengo wa chimodzi umatsika, aliyense nkukagulitsa mmene akufunira. Mnyamata wa ku Ulónguè uja naye akasiya bodza alowe, mwina anayamba kunama chifukwa zenizenizo sakanazikwanitsa yekha. Ine ndikufuna kuitanitsa kumapeto kwa mwezi uno, katundu akafika kuno ku Tete wa ku Angónia ndi wa ku Zóbuè ndidzapatsira a shapa. Amene akufuna alembe pansipa kuti ma JLF angati, mabatani angati ndi mtundu wake, ndipo munene ngati ndi OBSF ongokankha kapena OBSN a nati, chifukwa amene mukuika pa pulasitiki yokhuthala kapena pa kathabwa a nati ndi amene amagwira bwino.